Ndevu za Aisin Zitapsa, Anazima Ndani?

Wachinyamata akangolembedwa ntchito mu ofesi yogula katundu, chinthu choyamba chimene amaphunzira ndi kunenerera. Amamuuza kuti apeze makotesheni atatu, asankhe wotchipa, ndipo wotchipayo amufinyenso mpaka atsitse. Akapulumutsa kangachepe abwana amamuyamikira, iye n'kuyamba kuyenda mothimbwidzika. Kunenerera si tchimo, chifukwa ndalama ya kampani si yomwaza ngati mbewu ya mawere. Koma akuluakulu amene imvi zawamerera pa ntchito imeneyi amafunsa funso lina, limene silipezeka pa kotesheni: zinthu zitavuta pakati pa usiku, mwa anthu onse amene amabweretsa katundu pa kampaniyo, ndani angadzuke pa mphasa n'kuthamangira kudzathandiza?

Kampani ya Toyota, imene ma Hiace, ma Sienta ndi ma Probox ake adzaza m'misewu ya Malawi, inafunsidwa funso limeneli tsiku lina, ndipo yankho lake ndi loyenera kuti wachinyamata aliyense wogula katundu alidziwe.

Linali Loweruka pa 1 Febuluwale 1997. M'bandakucha, cha m'ma 4 koloko, moto unabuka pa fakitale ya Aisin Seiki mumzinda wa Kariya, m'chigawo cha Aichi ku Japan. Pamene unkazima, makina oposa 500 anali atasanduka zitsulo zopindikapindika. Mufakitalemo ankapanga kachitsulo kotchedwa P-valve, kokwana m'dzanja limodzi, kukula kwake ngati paketi ya ndudu. Ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu ya mafuta a mabuleki yopita ku matayala a kumbuyo, kuti dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi galimoto isatsetsereke. Ndi kachinthu kotchipa, ka madola ochepa chabe, koma mabowo ake amafuna kuboola mosamala kwambiri, chifukwa kulakwitsa pang'ono ndi moyo wa munthu. Ndipo pafupifupi ma P-valve onse a Toyota, 99 pa 100 alionse, ankachokera pa fakitale imodzi yomweyo imene inapsayo.

Chimene chinakulitsa vutoli ndi chakuti Toyota siunjika zipangizo m'nkhokwe. Njira yake ndi yoti chipangizo chifike pa nthawi imene chikufunika, chisagone miyezi pa shelefu. Choncho ma P-valve amene analipo anali ongokwanira masiku awiri kapena atatu. Nthawinso inali yoipa: pa 1 Epulo chaka chomwecho msonkho wa pa zogula ku Japan unkakwera kuchoka pa 3 kufika pa 5 peresenti, ndipo anthu ankathamangira kugula galimoto mitengo isanakwere. Mafakitale a Toyota ankatulutsa galimoto pafupifupi 14,000 pa tsiku. Pofika Lachiwiri, ntchito inali itaima pafupifupi paliponse, ndipo ambiri ankaganiza kuti papita milungu ingapo zinthu zisanabwerere m'chimake.

Koma Loweruka lomwelo, utsi usanathe n'komwe, mafoni anali atayamba kale kulira. Aisin inatumiza pa fax zojambula za kachitsuloko kwa aliyense amene anati angayese. Makampani akuluakulu a m'banja la Toyota monga Denso ndi Taiho Kogyo anasuntha ntchito zawo n'kupatula makina. Tikampani ting'onoting'ono, tina ta antchito owerengeka, tinagona m'mafakitale. Makina enieni opangira kachitsuloko anali atapsa, ndiye aliyense anachita kufufuza njira yake pa makina amene anali nawo, ndipo wopeza nzeru ankauza anzake. Kampani yaing'ono ya Koritsu Sangyo inali m'gulu la oyamba kutulutsa ma P-valve ovomerezeka. Ngakhale kampani ya Brother, yodziwika ndi makina osokera zovala, imene inali isanapangepo chipangizo cha galimoto, inataya maola mazanamazana kusintha makina ake kuti izitulutsa tizitsulo 40 tokha pa tsiku. Tizitsulo 40 n'tochepa, koma kamodzi kalikonse kanali galimoto imodzi yotuluka pa geti.

Makampani oposa 200 anagwirapo ntchitoyi, ndipo 62 mwa iwo anapanga okha ma P-valve. Mlungu usanathe, mafakitale a Toyota anayambanso kuzungulira, ndipo pofika pa 10 Febuluwale ankatulutsa galimoto pafupifupi monga kale.

Apa ndi pamene wachinyamata ayenera kutchera khutu. Makampani onsewa anayamba ntchito asanasainirane kontirakiti ndi munthu, asanagwirizane mtengo, asanadziwe n'komwe kuti adzawalipira ndani. Za ndalama zinakambidwa moto utazima. Aisin inabwezera aliyense zimene anaononga, ndipo Toyota inapereka chithokozo kwa oiperekera zipangizo, chokwana 1 peresenti ya zimene aliyense anaigulitsa kuyambira Januwale mpaka Malichi chaka chimenecho. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ku Kariya mawuwa anaoneka ndi maso. Komatu anthuwa sanathamange chifukwa cha chifundo chokha. Ankadziwa kuti Toyota ikaima nawonso aima, ndipo koposa apo ankadziwa, chifukwa anali ataziona kwa zaka zambiri, kuti Toyota sidzawathawa pa nthawi yolipira.

Kukhulupirirana koteroko sikunamere Loweruka limenelo. Toyota inasonkhanitsa oiperekera zipangizo m'bungwe limodzi kale mu 1939, ndipo mu 1943 bungwelo linatchedwa Kyohokai. Denso inabadwa kuchokera mu Toyota momwemo mu 1949, Aisin inapangidwa mu 1965, ndipo Toyota ili ndi masheya m'makampani onse awiriwa. Taiichi Ohno, mkulu amene anaumba kagwiridwe ka ntchito ka Toyota, ankatumiza anthu ake ku mafakitale a operekera zipangizo kukawaphunzitsa kuchepetsa zoonongeka. Eni mafakitale ang'onoang'ono ankayenderana m'magulu, lero kwa uyu mawa kwa uyo, kuthandizana kupeza pamene pakutayikira nthawi ndi ndalama. Ndiye moto utabuka, injiniya wa kampani ina ankadziwa dzina la mnzake wa ku kampani ina, ankadziwa makina amene ali pa fakitale yake, ankadziwanso kuti akalonjeza Lachitatu ndiye kuti ndi Lachitatu.

Pasakhale wonamiza achinyamata kuti Toyota ndi kampani yofewa. Imafuna kuti mitengo izitsika, ndipo imabwereza pempholi kawirikawiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ikapempha kutsitsa mtengo imapitanso ku fakitale ya mnzakeyo kukafufuza limodzi njira yotsitsira, kuti phindu la wogulitsa lisafe.

Pali njira ina, ndipo nayonso inayesedwa poyera. Mu 1992 kampani ya General Motors ya ku America inaika José Ignacio López de Arriortúa, mbadwa ya ku Spain, kukhala mkulu wogula zipangizo ku Detroit. Munthuyu anali wanzeru ndi wolimbikira, koma anatsegulanso makontirakiti amene anali atasainidwa kale n'kuuza makampani kuti atsitse mitengo kwambiri, apo ayi ntchito ipita kwa ena. Ambiri anadandaula kuti zojambula zimene anazivutikira zaka zinkaonetsedwa kwa opikisana nawo kuti apeze wopanga motchipa. Ndalama zinapulumutsidwa zochuluka, ndipo pa mapepala López anaoneka ngwazi. Koma mu Malichi 1993 iye anasamukira ku Volkswagen, n'kusiya mlandu wa zikalata zachinsinsi umene unatha mu Januwale 1997, pamene Volkswagen inavomera kulipira General Motors madola 100 miliyoni ndi kugulako zipangizo za madola 1 biliyoni. Kumbuyo kwake kunatsala makampani opweteka mtima, amene kwa zaka zambiri ankati akatulukira nzeru yatsopano amayamba akaionetsa kwa kasitomala wina. Chimenechi ndi chibwenzi cha nkhwangwa, chokoma pokwera. Mlandu wa López unatha patangotsala milungu yochepa kuti moto wa ku Kariya ubuke, ngati kuti dziko linkaonetsedwa njira ziwirizi pamodzi.

Phunziro loyamba la kachitsulo ka Aisin ndi lakuti wogulitsa wofunika kwambiri si amene invoisi yake ndi yaikulu. Ndi amene katundu wake akasowa ntchito yonse imaima. Mapepala ndi zolembera za mu ofesi munthu angagule kwa aliyense wotchipa, ndipo palibe chifukwa chotayirapo nthawi. Koma wa bekale akasowa ufa watirigu kapena yisiti uvuni umazizira, woweta nkhuku akasowa anapiye kapena chakudya khola limakhala pululu, ndipo chipatala chikasowa mpweya wa okosijeni anthu amafa. Wachinyamata wanzeru amatenga pepala n'kulemba mayina atatu kapena asanu a ogulitsa otere. Amenewo ndiwo oyenera kuwayendera, kuwadziwa, ndi kuwasunga.

Kuwayendera kukutanthauza kupita ndi miyendo. Wogula amene sanaonepo nkhokwe ya womuperekera katundu, amene sadziwa kuti makina ake ndi akale bwanji, kuti jenereta ali nayo kapena ayi, kuti nayenso amaoda kwa ndani, ndiye kuti akugula m'chimbulimbuli. Ku Malawi kuno katundu wambiri amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, n'kudzalowa pa Mwanza, Dedza kapena Songwe. Lole ikachedwa pa chipata, kapena mlatho ukakokoloka monga zinachitikira m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, woyamba kudziwa ndi wogulitsa. Funso ndi lakuti adzauza ndani poyamba. Amauza kasitomala amene amamvetsera, amene sathamangira kukalipa ndi kuopseza.

Nkhani ya kumvetsera ili ndi chitsanzo chake. Mu Malichi 2000 mphenzi inayambitsa moto waung'ono pa fakitale ya Philips ku Albuquerque, ku America, kumene ankapanga tizipangizo ta m'kati mwa mafoni a Nokia ndi Ericsson. Onse awiri anauzidwa kuti katundu achedwa pafupifupi mlungu umodzi. A Nokia sanagone: ankafunsa tsiku ndi tsiku, anazindikira msanga kuti vutolo litenga miyezi, ndipo anakhala pansi ndi akuluakulu a Philips kupeza malo m'mafakitale ena. A Ericsson anadikira, ndipo pamene ankadzidzimuka mwayi wonse unali utatengedwa. Chaka chimenecho gawo lawo la mafoni linaluza koopsa, ndipo mu 2001 analiphatikiza ndi la Sony.

Koma zonsezi n'zachabe ngati wogula salipira pa nthawi yake, ndipo apa mpamene ambiri kuno kwathu amagwera. Tiyerekeze mayi amene amaperekera tomato ndi anyezi ku malo odyera mumzinda. Amadzuka 3 koloko usiku kukapikula, amalipira kashi kwa mlimi, amalipira wonyamula, amalipira galimoto. Afika pa khomo la kukhitchini dengu lili pamutu, thukuta lili kamukamu, katundu n'kulandiridwa. Pa ndalama akuuzidwa kuti abwere Lachisanu. Lachisanu akuuzidwa kuti osaina cheke kulibe, apita ku maliro. Mlungu wotsatira akuuzidwa kuti invoisi yasowa, alembe ina. Mayiyu mpamba wake ndi womwewo umene wagona mu ofesimo, ndipo mwina anautenga ku banki m'khonde kumene chiongoladzanja sichidikira. Kalaliki amene akumubweza pa khomoyo amaganiza kuti akusamala ndalama za kampani, pamene zoona zake n'zakuti kampaniyo ikuchita geni ndi mpamba wa mayi wosauka, kumudyera masuku pamutu. Tsiku limene tomato adzasowe pa msika, nyengo ya dzinja ikafika, mayiyu dengu lake labwino adzapita nalo kwa amene amalipira. Ndipo palibe angamunene kuti walakwa.

Ndalama zikavutadi, pajatu zimavuta kwa aliyense, mankhwala ake ndi kunena zoona msanga. Wogulitsa amene wauzidwa lero kuti malipiro achedwa ndi masabata awiri amatha kukonza mapulani ake. Amene akungozengerezedwa ndi mabodza amataya ndalama, amatayanso mtima.

Chimodzimodzi pa mitengo. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti pa tsiku limodzi, patangopita chaka ndi theka kuchokera pamene inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Aliyense amene anasaina kontirakiti yoperekera katundu wochokera kunja pa mtengo wakale anadzuka ali m'dzenje. Wogula akanatha kuloza pa pepala n'kunena kuti mtengo ndi womwewu, ndipo lamulo likanakhala mbali yake. Koma wogulitsa wokakamizidwa kugulitsa moluza amachita chimodzi mwa zitatu: amatseka bizinesi, amathawa, kapena amayamba kubweretsa katundu wachabechabe mwakachetechete. Chanzeru ndi kukhala pansi, kutsegula mabuku, kuona kuti pa mtengowo gawo lodalira dola ndi liti, n'kugawana mtolowo kuti aliyense asenzeko. Chanzeru choposa apo ndi kulemberatu mu kontirakiti, zinthu zili bwino, chimene chidzachitike kwacha ikadzagwa.

Aliyense amene anakhalapo ku Nchalo kapena ku Dwangwa amadziwa kuti kudalirana kumeneku si nkhani ya ku Japan kokha. Nzimbe ikadulidwa siidikira, shuga wake amayamba kuchepa, ndiye iyenera kufika pa fakitale msanga. Alimi a nzimbe a m'magulu monga Kasinthula ndi Phata ku Chikwawa amagulitsa ku fakitale ya Illovo ya ku Nchalo, ndipo kuti zimenezi zitheke pamafunika kugwirizana tsiku lodula, magalimoto onyamula ndi kayezedwe ka shuga. N'chimodzimodzinso alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Mulanje ndi Thyolo, amene masamba awo ayenera kufika pa fakitale tsiku lomwelo athyoledwa. Mlimi amadalira fakitale, fakitale nayo imadalira mlimi. Pamene mmodzi ali wamkulu ndipo wina ndi wamng'ono, udindo waukulu uli pa wamkuluyo: sikelo ikhale yoona, kawerengedwe ka mtengo kakhale poyera, malipiro afike pa tsiku lake. Wamng'ono nayenso ali ndi wake. Mlimi amene walandira mbewu ndi feteleza pa ngongole, n'kukagulitsa zokolola kwa venda usiku chifukwa waonjezera pang'ono, wapha mwayi wa chaka chamawa, wake ndi wa anzake a m'kalabu.

Pali msampha umene uyenera kutchulidwa ndi dzina lake, chifukwa achinyamata ambiri akamva za kugwirizana ndi ogulitsa amamva zolakwika. Ubale umenewu si wa ku bala, si wa envelopu ya khaki, si wa mbuzi ya Khirisimasi yofika pakhomo usiku. Zimenezo ndi ziphuphu. Wogula akangolandira kangachepe, pakamwa pake patsekedwa: simenti ikabwera yosakaniza sangabweze, katundu akapelewera sangafunse. Dziko lino linaona mathero a njira imeneyi mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, pamene mabiliyoni a boma analipidwa kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense, ndipo mayiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la mu bajeti. Wogwira ntchito m'boma alinso ndi malamulo ogulira katundu amene bungwe la PPDA limayang'anira, ndipo malamulowo amafuna mpikisano wa poyera. Iwo saletsa kulipira msanga, kuyankha makalata, kapena kulankhula mwaulemu ndi wopambana tenda. Muyeso wake ndi wapafupi: chilichonse chimene wogula ndi wogulitsa akambirana chikhale choti angachibwereze pamaso pa abwana ndi owerengera ndalama popanda kutuluka thukuta.

Wina angafunse ngati Toyota sinalakwe kudalira fakitale imodzi. Funsoli ndi loona, ndipo mtengo wake inalipira: galimoto pafupifupi 70,000 zinachedwa kupangidwa. Chivomerezi chachikulu cha ku Japan cha pa 11 Malichi 2011 chinaiphunzitsanso kuti sinkadziwa bwino makampani a kutali amene amaperekera zipangizo kwa oiperekera ake. Itaona zimenezo inayamba kulemba mndandanda wa onsewo, ndi kupempha kuti tizipangizo tina tovuta kupeza, monga ta kompyuta ya m'galimoto, tizisungidwa tokwanira miyezi ingapo. Tizipangizo timeneti titasowa pa dziko lonse, Toyota inapirira nthawi yaitaliko kuposa anzake, ndipo mu 2021 inagulitsa galimoto zambiri ku America kuposa General Motors, imene inali pa nambala 1 kuyambira 1931. Choncho kukhala ndi wogulitsa wachiwiri pa katundu wofunika si kusakhulupirika. Choipa ndi kumubisa, kapena kumugwiritsa ntchito ngati chikwapu choopsezera woyamba, kapena kutenga kotesheni ya uyu n'kukaonetsa uyo. Wogulitsa wamkulu auzidwe poyera kuti gawo lalikulu ndi lake, gawo laling'ono likupita kwina, ndipo chifukwa chake ndi chakuti.

Chovuta pa zonsezi n'chakuti phindu lake silioneka mwezi womwewo. Wachinyamata amene wafinya wogulitsa amaonetsa abwana nambala pa pepala madzulo omwewo. Amene walipira pa nthawi yake, wayendera nkhokwe, wadziwitsa wogulitsa miyezi itatu isanakwane kuti maoda akwera kapena atsika, alibe choonetsa mpaka tsiku limene mafuta asowa, ndalama zakunja zasowa, katundu wafika wochepa, ndipo wogulitsa akusankha yekha woti amupatse. N'chifukwa chake mabwana nawonso ayenera kusintha zimene amayamikira. Asamangofunsa kuti watsitsa zingati. Azifunsanso kuti mwa ogulitsa athu ofunika ndi angati tawalipira mochedwa mwezi uno, ndipo ndi liti pamene wina wa ife anapondako pa malo awo.

Wachinyamata amene akuwerenga izi, ngati ali ndi invoisi ya munthu mu diroo, imene tsiku lake lolipira linadutsa kale, Lolemba likudzali aitulutse aipititse kolipira. Ngati ndalama palibe, asadikire kuti mwiniwake abwere kudzaima pa khomo. Anyamule foni amuimbire yekha, amupepese, ndipo amuuze tsiku lenileni limene adzalandire ndalama zake.